Phukusi la wogulitsa nyumba: maloya a ku England ati adalilawa kale

Pa 6 October 2025 boma la Britain lidatulutsa maganizo ofuna kusintha momwe anthu amagulira ndi kugulitsira nyumba, makamaka ku England ndi Wales. Mfundo yaikulu inali yoti mwini nyumba asanaiike pamsika, ayambe wasonkhanitsa zonse zomwe wogula ayenera kudziwa: momwe nyumbayo ilili, ndalama zomwe amalipira chaka ndi chaka ngati ili palizi, komanso ngati malondawo akudikira kuti wina agulitse kaye yake. Nduna yoona za nyumba, a Steve Reed, omwe panthawiyo n'kuti atangotha mwezi umodzi pampandowo, adalonjeza kuti izi zichepetsa nthawi yogulira nyumba ndi masabata pafupifupi anayi, ndipo munthu wogula nyumba koyamba apulumutsa mapaundi pafupifupi 710.

Zokoma kumva ndithu. Koma kwa maloya omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kusintha umwini wa nyumba, omwe kumeneko amatchedwa conveyancer, gule ameneyu si wachilendo. Adamuvinapo kale pakati pa 2007 ndi 2010, pomwe lamulo lidakakamiza aliyense wogulitsa nyumba kukonza phukusi la zikalata lotchedwa Home Information Pack, mwachidule HIP. Phukusilo silidakwanitse n'zaka zitatu zomwe, ndipo litafa maloya ambiri sadakhetse msozi. A chipani cha Conservative, omwe adalithetsa, sadachedwe kuchenjeza mu 2025 kuti boma la Labour lingadzutse chinthu chomwe chidalephera kale.

Sikuti maloyawa amadana ndi zoti wogula adziwe zoona msanga. Bungwe lawo lina, Conveyancing Association, lakhala zaka likupempha zomwezo, poti zinthu zikaululika mochedwa amene amatukwanidwa pafoni ndi loya. Nkhawa yawo ili pena: zikalatazo alembe ndani, alipire ndani, ndipo zikapezeka kuti n'zolakwika, wokayankha kukhoti akhale ndani?

Malonda opanda chomangira

Ku England kugwirizana mtengo wa nyumba sikumanga munthu. Wogula akatchula mtengo, wogulitsa n'kuvomera, pamaso pa lamulo palibe chomwe chachitika. Lamulo la 1989 limati mgwirizano wogulitsana malo kapena nyumba uyenera kukhala wolembedwa ndi kusainidwa, ndipo mwa chizolowezi izi zimachitika kumapeto kwenikweni, maloya a mbali ziwiri akasinthana makalata a mgwirizanowo. Apa mpomwe wogula amapereka dipoziti, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo. Tsikulo lisadafike, aliyense atha kusintha maganizo n'kumapita, osapatsa mnzake ngakhale khobidi lopepesera.

Malinga ndi boma, malonda a nyumba amatenga miyezi pafupifupi isanu kuti atheke. M'miyezi imeneyi wotaya ndalama kwambiri ndi wogula. Amalipira katswiri wounika nyumba, amalipira loya, amalipira kafukufuku kukhonsolo ndi kukampani ya madzi, ndipo nthawi zina banki nayo imafuna yake pokonza ngongole. Kenaka kutulukira munthu wina wa thumba lolemera, wogulitsa n'kutembenukira kwa iyeyo. Khalidweli lili ndi dzina lake, gazumping. Msika ukazizira zimatembenuka: wogula ndiye amadikira mpaka tsiku lomaliza, mnzake atamanga kale katundu, n'kunena kuti mtengo utsike apo ayi ndasiya. Boma limati pa malonda atatu alionse, amodzi amafera panjira.

Chowonjezera mavuto n'chakuti anthu ambiri kumeneko amagula nyumba yatsopano ndi ndalama za nyumba yomwe akugulitsa. Taganizirani mabanja asanu, lililonse likudikira ndalama kuchokera kwa lomwe lili kumbuyo kwake kuti lilipire lomwe lili kutsogolo. Onse ayenera kusamuka tsiku limodzi, ndipo ambiri amakonda Lachisanu. Banki ikakana ngongole ya banja limodzi lokha, kapena mwamuna ndi mkazi wake akayambana n'kusiya zogula, unyolo wonse waduka ndipo mabanja anayi osalakwa abwerera pomwe adayambira.

Pansi pa zonsezi pali mfundo yakalekale ya malamulo a England yoti wogula achenjere yekha. Wogulitsa sakakamizidwa kuulula kuti denga limadontha ngati sadafunsidwe. Cholakwa n'kunama atafunsidwa. Aliyense amene adagulapo puloti kapena nyumba ku Dedza, ku Balaka kapena ku Mchinji akuidziwa bwino mfundoyi ngakhale sadaiwerengepo m'buku, poti malamulo ambiri a m'dziko muno adachokera ku England komweko, ndipo nako kuno wogula wanzeru ndiye amayenda yekha kukafunsa kwa mfumu, kukhonsolo kapena ku ofesi ya za malo. Mabanja omwe ali ndi ana awo ogwira ntchito za unamwino ndi kusamalira okalamba ku Britain angakumane nayonso nkhaniyi tsiku lomwe anawo adzafune kuleka lendi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyumba ya njerwa zofiira ya ku Manchester yomwe yatha zaka 100 itha kubisa nyerere zambiri kuseri kwa penti watsopano.

Phukusi lidafika litapepuka

Ganizo la phukusi lidayamba ndi lonjezo la chipani cha Labour pachisankho cha 1997 loti lithana ndi gazumping. Boma la a Tony Blair lidaliyesa mumzinda wa Bristol kumapeto kwa 1999 ndi mu 2000. Bilu yoyamba idafera m'Nyumba ya Malamulo pomwe aphungu adabalalika kukachita kampeni ya chisankho cha 2001, ndipo zidatheka mu 2004 kudzera m'lamulo lotchedwa Housing Act.

Mtima wa phukusilo unali lipoti la momwe nyumba ilili, Home Condition Report, lolembedwa ndi munthu wophunzitsidwa kuunika nyumba ndipo wolipira ake anali wogulitsa. Nzeru yake inali yomveka: malonda ambiri amasokonekera wogula akalandira lipoti la katswiri wake patatha masabata angapo, ndiye bwanji lipotilo lisakhalepo tsiku loyamba? Anthu ambiri adasiya ntchito zawo, ena adakongola ndalama, kupita kukaphunzira ntchito yatsopanoyi. Koma mabanki obwereketsa ndalama za nyumba sadalonjeze kuti aleka kutumiza akatswiri awoawo okayeza mtengo wa nyumba, ndipo zidaoneka kuti ounika nyumbawo sakwana. Mu July 2006 nduna yoona za nyumba panthawiyo, mayi Yvette Cooper, adalengeza kuti lipotilo likhala la wofuna. Ndi wogulitsa uti angalipire mwa kufuna kwake kuti munthu adzamuulule ming'alu ya nyumba yake? Bungwe loyankhulira ogula la Which?, lomwe lidali kumbuyo kwa ganizoli, lidachotsapo dzanja. Omwe adaphunzira kuunika nyumba aja adatsala ndi masatifiketi ndi ngongole.

Phukusi lopepukalo lidayenera kuyamba pa 1 June 2007. Kutatsala masabata ochepa, bungwe la akatswiri oyeza ndi kuunika nyumba la RICS lidatengera boma kukhoti, ndipo pa 22 May nduna yaikulu ya unduna umenewo, mayi Ruth Kelly, adaima m'Nyumba ya Malamulo kulengeza kuti tsikulo lasunthidwa. Lamulo lidayamba pa 1 August ndi nyumba za zipinda zogona zinayi kapena kuposera, pa 10 September lidafika pa za zipinda zitatu, ndipo pa 14 December lidakhudza nyumba zonse. M'miyezi ya pakatiyo panali nthabwala yoti zipinda zogona zachinayi zasanduka zipinda zowerengera usiku umodzi.

M'phukusimo mudatsala chikalata cha umwini chochokera ku ofesi ya kaundula wa malo ya HM Land Registry, chiganizo chofotokoza chomwe chikugulitsidwa, zotsatira za kafukufuku wa kukhonsolo ndi wa madzi ndi mipope ya zonyansa, kope ya lizi ngati ilipo, ndi satifiketi yoonetsa kuchuluka kwa magetsi ndi gasi zomwe nyumbayo imadya. Wogulitsa ankalipira mapaundi 300 kapena kuposerapo, ndipo woika nyumba pamsika popanda phukusi ankayembekezera chindapusa cha mapaundi 200. Mu April 2009 boma lidaonjezamo fomu ya mafunso oti wogulitsa ayankhe, n'kulamulanso kuti zikalata zazikulu zikhale zilipo chikwangwani chisanakhomedwe.

Tsoka lake, phukusili lidafika limodzi ndi mavuto a zachuma. Mu September 2007 anthu adafola m'mabanki a Northern Rock kukatapa ndalama zawo, ndipo mu 2008 malonda a nyumba adagwa kwambiri. Odana ndi HIP adati ndilo likuopseza eni nyumba omwe akadafuna kungoyesa msika. Olikonda adati vuto ndi mabanki omwe adauma manja. Boma la mgwirizano wa Conservative ndi Liberal Democrats litangolowa mu May 2010, nduna Eric Pickles ndi Grant Shapps zidaliimitsa kuyambira pa 21 mwezi womwewo, ndipo lamulo la Localism Act la 2011 lidalifafaniza. Chomwe chidapulumuka ndi satifiketi ya magetsi ndi gasi ija, ya mizere ya mitundumitundu kuyambira A mpaka G, chifukwa idachokera ku lamulo la European Union.

Zomwe loya amaona padesiki yake

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe maloya ankalinyozera phukusili, ayenera kudziwa amene loya wa wogula amamugwirira ntchito. Nthawi zambiri amagwirira anthu awiri: wogula, ndi banki yomwe ikubwereketsa ndalama. Banki isanatulutse ndalama, loyayo amasaina chikalata chotsimikiza kuti umwini wa nyumbayo ulibe banga. Zikadzapezeka kuti msewu waukulu udutsa pakhomo, kapena chipinda chakumbuyo chidamangidwa popanda chilolezo cha khonsolo, banki sifunsa yemwe adakonza phukusi. Imafunsa yemwe adasaina. Inshuwalansi yomwe imalipira ndi ya loya, ndipo chaka chotsatira mtengo wa inshuwalansiyo ukwera, kapena banki imuchotsa pamndandanda wa maloya omwe imagwira nawo ntchito. Munthu wotere sangangomeza pepala lomwe lalipiridwa ndi mbali inayo.

Vuto loyamba linali la nthawi. Zikalata za kafukufuku zili ngati ndiwo zamasamba, zimafota. Malamulo a mabanki amafuna kuti patsiku lomaliza malonda kafukufuku akhale asadapitirire miyezi isanu ndi umodzi. Nyumba ikakhala pamsika miyezi inayi isanapeze wogula, kenaka miyezi ina itatu maloya akulemberana makalata, kafukufuku wa m'phukusi uja watha ntchito. Loya wa wogula ankaitanitsa wina, wogula n'kulipira. Mapeto ake chinthu chimodzi chidalipiridwa kawiri, koyamba ndi wogulitsa, kachiwiri ndi wogula yemwe lamulo lidati likumuthandiza. Pamsika wozizira wa 2008 ndi 2009 izi sizinali zapatalipatali.

Lachiwiri linali la amene ankakonza maphukusiwo. Lamulo litangodutsa padabadwa makampani ambirimbiri ogulitsa HIP, ndipo ntchito ankaipeza kudzera mwa maejenti ogulitsa nyumba, omwe kawirikawiri ankalandirapo kangachepe pa kasitomala aliyense yemwe amutumiza. Wogulitsa nyumba sankasamala za ubwino wa phukusi, poti silinali lomuthandiza iye. Ankafuna lotchipa ndi lofulumira kuti chikwangwani chikwere. Motero ambiri mwa maphukusiwa ankakhala ndi kafukufuku wochitidwa ndi makampani apadera, osati wosainidwa ndi khonsolo, ndipo maloya ena ndi mabanki ena sankamukhulupirira. Komanso nyumba iliyonse ili ndi mafunso a dera lake. Ku Yorkshire kapena kummwera kwa Wales loya amafuna kudziwa ngati pansi pa nyumba pali migodi yakale ya malasha. Ku Cornwall amafunsa za migodi ya tini. M'mphepete mwa mtsinje wa Severn amafunsa za madzi osefukira. Phukusi lokakamizidwa silinkafuna zimenezi, ndiye loya ankayambabe yekha.

Maloya ankadandaulanso kuti ogula ambiri sankalipempha n'komwe phukusilo asanatchule mtengo. Munthu wakonda khitchini ndi kadimba kakumbuyo sakhala pansi kuwerenga masamba makumimakumi a chinenero cha malamulo. Phukusi linkafika kwa loya malonda atavomerezedwa kale, nthawi yomwe zikalatazo zikadafika ngakhale popanda lamulo.

Ndipo pa zinthu zenizeni zomwe zimapha malonda, phukusi lidalibe chonena. Silikadafulumizitsa banki, silikadaletsa wogulitsa kulandira mtengo wokwera kwa wina, silikadalumikiza unyolo woduka. Gazumping, yomwe idayambitsa nkhani yonse mu 1997, idali yololedwa HIP isadabwere, ili pomwepo, ndiponso itapita.

Pali mtundu wina wa nyumba womwe umatopetsa maloya kuposa zonse: za palizi, zomwe ku England zilipo pafupifupi 5 miliyoni, zambiri mwa izo mafulati. Mwini fulati sakhala mwini nthaka kapena denga la chinyumba chonsecho. Pogulitsa, ayenera kupempha kwa mwini nthaka kapena kampani yoyang'anira chinyumbacho zikalata zoonetsa ndalama zomwe amalipira pachaka, ngongole zomwe zilipo, inshuwalansi ndi ntchito zikuluzikulu zokonza zomwe zikubwera. Makampaniwa amatchaja mapaundi mazanamazana ndipo amayankha nthawi yomwe afuna, chifukwa malondawo sawakhudza. Moto wa ku Grenfell Tower mu June 2017, womwe udapha anthu 72, udaonjezera mafunso okhudza zotchingira makoma zomwe zimagwira moto, moti mafulati ambiri adakhala osagulitsika kwa zaka chifukwa chosowa pepala limodzi. Apa maloya ndi boma amagwirizana: zikalata izi zikadapemphedwa tsiku loyamba, masabata ambiri akadapulumuka. Koma kukakamiza wogulitsa n'kopanda phindu ngati wosunga zikalatazo sakukakamizidwa. Lamulo la 2024 lokhudza nyumba za palizi lidapatsa nduna mphamvu zoika malire a nthawi ndi a mtengo pa zimenezi, ndipo kwa loya kugwiritsa ntchito mphamvuzo n'kofunika kuposa dzina lililonse lomwe phukusi latsopano lingapatsidwe.

Njenjete za mapaundi 32.5 miliyoni

Nkhani yomwe imawatentha mtima kwenikweni ndi ya mlandu. Ngakhale HIP idatha, wogulitsa amayankhabe mafunso pa fomu ya bungwe la maloya la Law Society yotchedwa TA6: malire, mikangano ndi anansi, madzi osefukira, ngakhale chomera chovuta chotchedwa Japanese knotweed. Yankho lililonse ndi chingwe chomwe chingadzamumange. Mu February 2025 khoti lalikulu ku London lidagamula mlandu wa nyumba ina ya ku Notting Hill yomwe idagulidwa pa mapaundi 32.5 miliyoni mu 2019. Ogula atalowa adapeza njenjete zosawerengeka zikuswana mu ubweya womwe udaikidwa m'makoma kuti nyumba izifunda. Wogulitsa adali atayankha kuti sakudziwa za tizilombo, chonsecho makampani opopera mankhwala adali atalemba kale malipoti a vutolo. Khoti lidalola ogulawo kubweza nyumba ndi kulandira gawo lalikulu la ndalama zawo.

Uyo adapezeka kuti adanama. Koma loya amaganiziranso gogo wa zaka 80 yemwe akugulitsa nyumba kuti akakhale kosamalira okalamba, kapena ana omwe akugulitsa nyumba ya malemu bambo awo yomwe adatulukamo ali achinyamata. Mafunso akachuluka ndi kulowa m'zaluso, monga mtundu wa zipangizo zomangira kapena ngozi ya kugumuka kwa gombe, anthu otere amayankha mongoganizira, n'kudziika m'mavuto osadziwa. Ndipo fomu ikadzazidwa ku ofesi ya ejenti, loya asanaione, palibe wowachenjeza.

Izi ndizo zidautsa mapiri pachigwa mu 2024. Mu March chaka chimenecho Law Society idatulutsa TA6 yatsopano, yaitali pafupifupi kawiri kuposa yakale, pofuna kuti igwirizane ndi malangizo omwe ankauza maejenti kuti aziulula zambiri polengeza nyumba. Maloya a m'maofesi ang'onoang'ono adakwiya, ati sadafunsidwe, ndipo adasonkhanitsa masiginecha mpaka kuitanitsa msonkhano wapadera mu July wofuna kuonetsa kuti alibenso chikhulupiriro mwa atsogoleri a bungwelo. Atsogoleriwo adapulumuka pavoti, koma adaimitsa zokakamiza fomuyo, ndipo mu 2025 adatulutsa ina yofupikirapo. Malangizo a maejenti aja nawo adachotsedwa mu 2025 lamulo latsopano loteteza ogula litayamba kugwira ntchito. Kwa loya wamba, ichi chidali chikumbutso choti malamulo a zoulula amasintha msangamsanga koma siginecha yake imakhala m'fayilo kwa zaka.

Ku Scotland zidatheka bwanji?

Okonda phukusi ali ndi yankho limodzi lamphamvu, ndipo lili kumpoto kwa chilumba chomwecho. Kuyambira pa 1 December 2008 wogulitsa nyumba ku Scotland ayenera kukhala ndi Home Report, ndipo lamuloli lidapirira mavuto a zachuma omwewo ndi maboma osiyanasiyana. Muli zinthu zitatu: fomu ya mafunso, lipoti la magetsi ndi gasi, ndi lipoti la katswiri wovomerezeka lomwe limapereka manambala 1, 2 kapena 3 pa denga, makoma, mawaya ndi zina, 3 kutanthauza kuti pakufunika kukonza mwamsanga. Lipotilo limatchulanso mtengo wa nyumba, liyenera kukhala losapitirira masabata 12 nyumba ikamalowa pamsika, ndipo wogula ali ndi ufulu wosumira katswiriyo akalakwitsa ngakhale adamulipira ndi wogulitsa. Mwachidule, Scotland idasunga chomwe England idataya mu July 2006.

Komabe loya wa ku England angakumbutse kuti nthaka yake njosiyana. Ku Scotland maloya ambiri ndiwo amagulitsanso nyumba, kotero amakhalapo kuyambira tsiku loyamba. Mtengo umaperekedwa kudzera m'kalata ya loya, ndipo makalata a mbali ziwiri akagwirizana, malonda amanga. Nyumba za palizi za mtundu wa ku England kulibe kwenikweni. Ngakhale kumeneko madandaulo alipo: nyumba ikachedwa kugulidwa banki imafuna lipoti lionedwenso, ndipo ogula ena amaona kuti katswiri wosankhidwa ndi wogulitsa sakumba mozama. Kutenga Home Report yokha popanda zina zonsezi kuli ngati kugula goli ng'ombe ulibe.

Maganizo a 2025 akuoneka kuti adaphunzirako pang'ono. Adakamba za mgwirizano womanga mbali ziwiri msanga, kuti wothawa popanda chifukwa alipire mnzake, ngakhale adauika ngati wa ofuna. Adakamba zoti maejenti, omwe ku England munthu atha kuyamba ntchito yawo popanda pepala lililonse la sukulu, akhale ndi maphunziro ndi malamulo oyendetsera ntchito. Adadaliranso makompyuta, zomwe mu 2007 zidali zisadafike patali. Kuyambira 2018 HM Land Registry yakhala ikusamutsa kaundula wa zoletsa ndi ngongole za malo kuchoka m'makhonsolo oposa 300 kupita pamalo amodzi pa intaneti. Zimenezi zikatheka ponseponse, vuto la zikalata zofota lichepa, poti loya atha kuona za lero pa kompyuta m'malo modikira masabata.

Za ndalama boma silidabise. Lidavomera kuti wogulitsa yemwe sakugula nyumba ina alipira mapaundi pafupifupi 310 oonjezera. Kwa mwini nyumba ya ku Notting Hill imeneyo si ndalama. Koma ogulitsa osagulanso kawirikawiri ndi aja ali pamavuto: banja lomwe latha, munthu yemwe ngongole yamukulira, ana amasiye omwe akugawana chuma. Awa ndiwo ayenera kutulutsa ndalama nyumba isanapeze wogula, ndipo ikapanda kugulidwa ndalamazo zalowa m'madzi. Nthawi ya HIP makampani ankalola kulipira pambuyo, koma ngongoleyo inkamudikirabe munthu ngakhale atachotsa nyumba pamsika.

Tsono si zonse zomwe maloya amanena zomwe ziyenera kulandiridwa ndi manja awiri. Nawo ali ndi gawo lawo pa miyezi isanu ija. Mpikisano watsitsa mitengo yawo, moti makampani ena akuluakulu amapatsa kalaliki mmodzi mafayilo ochuluka kuposa omwe angawakwanitse, ndipo kalata imagona masiku osayankhidwa. Ena amafunsa mafunso osafunika pongodziteteza. Makampani ena a maloya nawonso amalipira maejenti kuti awapatse makasitomala, khalidwe lomwelo lomwe ankadzudzula ogulitsa HIP. Ndipo boma litanena kuti likufuna anthu azitha kuyerekeza kagwiridwe ntchito ka maloya ndi maejenti asanasankhe, lidakhudza chilonda chenicheni. Mfundo yoti wogula achenjere yekha idakhazikika kalekale, masiku omwe malonda a nyumba adalibe mapepala ochuluka chotere. Lero ikuteteza kwambiri yemwe akudziwa chilema cha nyumba n'kukhala chete.

Koma pa funso la amene adzadalire zikalatazo, maloya akulondola, ndipo mbiri ili kumbali yawo. Ngati banki ya wogula siidzalandira lipoti la wogulitsa, wogula adzalipira lake. Ngati wolemba lipoti sadzakhala ndi inshuwalansi yoti wogula ndi banki amusumire, loya adzaliika pambali n'kuyamba payekha monga ankachitira mu 2008. Mabanki sangalamulidwe kubwereketsa ndalama pa pepala lomwe salikhulupirira, ndipo ndiwo adathandiza kuchotsa mtima wa phukusi loyamba.

Palinso nkhani ya manja ogwira ntchito. Ku United Kingdom kumagulidwa nyumba zoposa 1 miliyoni pachaka, ndipo zoikidwa pamsika zimaposa pamenepo poti zina sizigulidwa. Lero ogula ambiri amadumpha lipoti la katswiri pofuna kupulumutsa ndalama, n'kungodalira kuyeza mtengo komwe banki imachita. Lamulo loti nyumba iliyonse iunikidwe isanalengezedwe lingafune akatswiri ochuluka kuposa omwe ntchitoyi ili nawo, ndipo katswiri saphunzitsidwa mwezi umodzi. Pa 22 May 2007, pomwe mayi Kelly ankasuntha tsiku loyambira HIP, ofunika kuti angoyeza za magetsi ndi gasi anali osachepera 2,000. Ovomerezeka anali pafupifupi 520.